Chitini Pansi pa Injini

Mlongo wanga Paulina anawombedwa ndi njinga pamsewu wopita ku Thomson Junction, Lamulungu masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati ng'anjo za malasha. Anali paulendo wokaona mwana wake amene anakwatiwa kukomboni ya kunjanji, beseni la matemba lili pamutu. Njinga yamoto inamupeza pokhota, n'kumusiya pomwepo. Amene anamutola akuti anali akupumabe, akupempha madzi. Pofika naye kuchipatala anali atatsirizika.

Ine ndine Laiton, sajeni wa polisi ku Wankie, tauni ya mgodi wa malasha. Pofika chaka chimenecho cha 1976 ndinali nditamanga kale akuba ndi zigawenga zosawerengeka, koma mtima wanga unali usanawirepo chotero. Insipekitala wanga, mzungu, anandiuza kuti ndichoke pamlanduwo poti womwalirayo ndi m'bale wanga. Ndinamenya sawasha, ndinatuluka, n'kupita kukamanga munthuyo ndi manja angawa.

Kumupeza sikunavute. Pamalo a ngozi panagwa kagalasi kachikasu ka nyali yophethira, ndipo m'komboni yonse ya Nambala Wani njinga ya nyali zophethira inali imodzi yokha. Inali yofiira, ya ku Japani, ya Fideli wa kumgodi, amene anaigula kwa mzungu wina wa ku Baobab, kumayadi a mabwana, wothawa nkhondo. Ndinaipeza m'shedi mwake, nyali ili yosweka, mitu ya matemba itakanirira pamapaipi a utsi. Mwini wake ndinamudzutsa pabedi.

"Ndinali mtulo, Sajeni! Ndaweruka shifiti m'mawa uno. Angazi lutho, sindikudziwa kanthu!"

"Mtulo? Ndiye kuti njinga yakoyi imadzuka yokha, n'kuvala chisoti chako, n'kukapha anthu?"

Ndinamutsekera m'chitokosi. Lachitatu anayenera kukwezedwa sitima ya ku Bulawayo, kukhoti lalikulu, ndipo ine ndinkafuna akawolere kumeneko. Komboni nayo inali itaweruza kale. Dzuwa lisanalowe anthu anali atagenda mawindo onse a nyumba yake, ndipo amayi anali atathamangitsa mkazi wake Elinah pampopi.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa madala Américo. Ndinkafuna munthu wodziwa zitsulo wakuti akanene m'khoti kuti njingayo inalibe vuto, vuto ndi wokwera. Américo anali wa ku Tete, makaniko wakale wa kugalaja ya mgodi. Aliyense wokwera njinga yamoto ku Wankie anadutsa m'manja mwawo, ngakhale ine. Analinso mkulu wa adzukulu m'sosaite yathu ya maliro, choncho ndinawapeza akunola piki yokakumbira manda a Paulina. Pambali pawo panaima njinga yawo yakuda ya ku Mangalande, chitini cha jamu chili pansi pa injini.

"Pepa, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. "Njinga za Ajapanizi ine ndinazikana kalekale. Matako angawa sanakhalepo pachidole chimenecho, ndipo sadzakhalapo. Aikona!"

"Mabuleki ake ndi otani, madala?"

"Mabuleki? Khala pansi ndikuuze. Angelezi anayamba ndi silinda imodzi, thu, thu, thu, ngati akusinja. Kenako anaika awiri, mapisitoni n'kumakwera ndi kutsika limodzi, n'chifukwa chake yangayi imanjenjemera mpaka mano kuwawa. Koma imakuuza chimene ikuchita. Ajapani pobwera anati awiri achepa. Anandandika masilinda anayi mopingasa, makabuleta anayi, mapaipi anayi, chonsecho kukula kwa injini n'komweko, kwapakatikati. Si kamwana kaja ka amesenjala, komanso si chinjovu chija cha azungu. Kutsogolo anachotsa buleki ya ng'oma n'kuikapo chimbale chomwe chimaluma ngati galu. Giya anawonjezera yachisanu. Kuliza kwake n'kungodina batani ngati ukuyatsa getsi. Sinjenjemera n'komwe, ukuthamanga chonchi pagalasi umaona kumbuyo mbee, ngati waima. Ndiye mnyamata amaiwala kuti wakwera chinthu chakupha."

Anakankha chitini chija ndi phazi kuti chikhale bwino pansi pa dontho.

"Yangayi imadontha, inde. Angelezi bokosi la injini amalidula choimika, ndiye mafuta amatsata mng'aluwo. Ajapani amalidula chopingasa, ngati poto ndi chivundikiro chake, osadontha ngakhale pang'ono. Koma njinga yosadontha udziwa bwanji kuti muli mafuta?"

Masiku ena ndikanaseka. Chitini chotero nane ndinali nacho kupolisi, pansi pa njinga yanga ya boma, poti nayonso inali ya ku Mangalande ndipo chizolowezicho anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Anandiphunzitsanso kuti pafumbi la malasha buleki ya m'manja sagwira, imakugwetsa, munthu amaima ndi phazi.

"Ndiye mukanena kuti njinga ilibe mlandu?" ndinafunsa.

"Ndikanena. Mnyamatayo sanaponde buleki, basi."

Mawu amenewo anandikwanira, chifukwa dzulo lake ndinali nditayenda pamsewupo ndi maso pansi. Panalibe mzere wautali wa tayala lokhwekhwereza. Panali timadindo takuda tatifupitifupi, kena apa, kena apo. Ndinati mumtima, galu ameneyu sanayese n'komwe kuima.

Ku Thomson Junction ndinapeza Pitala, wolumikiza mabogi, munthu wa ku Zambia wolankhula ndi manja ndi mapazi omwe. Ndiye amene anamutola Paulina.

"Diso langa linali pamabogi, bwana Sajeni, koma khutu ndi laulere. Ndinamva ikubwera, vuuuu, bwinobwino ngati njuchi. Kenako mwadzidzidzi inakuwa. Waaa! Tayala tswii! Waaaa! Tswii! Kenako beseni, ngwee!"

"Inakuwa bwanji? Ngati mabuleki?"

"Iyayi, mwandini, mabuleki ndimawadziwa, ndimagona nawo ndi kudzuka nawo. Iyi inali injini, kulira ngati nkhumba yaona mpeni. Nditathamangira kumsewu ndinaona munthu akudzutsa njinga, chisoti kumutu, jekete yakuda. Anayang'ana mayi aja. Anawayang'ana ndithu, ine ndikuona. Kenako anakwera, n'kubwerera kukomboni."

"Anawayang'ana?"

"Anaima pamutu pawo ngati mmene mwaimiramu."

Ndinachoka osatsanzika. Ndikanakhala ndi makiyi a chitokosi nthawi imeneyo, sindikudziwa chimene Fideli akanaona.

Masana ndinabwerera kunyumba ya Fideli kukatenga njingayo kuti ikakhale kupolisi ngati umboni. Elinah ndinamupeza akusesa magalasi pakhonde. Sanandipatse mpando.

"Mwabwera kudzatenganso chiyani? Mapoto?"

"Njinga."

"Tengani. Mutengenso ndi chitini chanucho. Mwamuna mwanditengera, ndiye muzindisiyiranso zinyalala m'shedi?"

"Chitini chanji, mayi?"

Anatsegula loko mokalipa, n'kuloza. Pansi pa injini ya njinga yofiirayo panali chitini cha nsomba, chopanda kanthu, choikidwa mwaulemu pakatikati penipeni. Dzulo lake ndinali nditachiona, koma diso langa linachizolowera chitini pansi pa njinga ngati mmene linazolowerera mphika pamoto.

"Si cha amuna anu?"

"Cha ntchito yanji? Fideli amagoneka mpango woyera pansi pa njingayi kuti anzake aone kuti sidontha. Chitinichi chinali panja, ndimamwetsera nkhuku. Ndapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi chili panja, ndabwera chili umu. Ndimayesa ndinu apolisi."

"Kiyi wa njinga amakhala kuti?"

"Pamsomali apo, pamodzi ndi chisoti ndi jekete. Shedi ndi yokhoma, angabe ndani?"

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kutsokomola. Anali mayi Emeliya a nyumba yoyandikana, fodya wamphuno ali m'manja.

"Ine za eni sindiona, a Sajeni, koma mpandawu uli ndi mabowo. Dzulo anthu onse atapita kumpira, ndinamuona mwana ameneyu Fideli akukankha njinga mpaka kumapeto kwa laini. Ndinati lero wagwidwa ndi ulemu wanji? Masiku onse amailizira pakhomo pomwe, kungodina kabatani kake, tchii, vuuu, kutinyaditsa ife oyenda pansi. Koma dzulo ayi. Anali kudumphira pachitsulo cha m'mbali, kudumpha, kudumphanso, ngati akupha njoka."

"Nkhope munaiona?"

"M'chisoti muja? Ndine mfiti ine?"

"Nanga bwanji simunanene dzulo?"

"Anandifunsa ndani? Inu munangofika ndi unyolo, maso ali psuu."

Ndinalowa m'shedi. Ndinadina batani lija, injini inalira nthawi yomweyo, ndiye kuti batire inalibe vuto. Nanga munthu wa batani lamoyo angavutikirenji ndi kiki, chitsulo cholizira ndi phazi chija? Mutu unayamba kundizungulira, koma ukali unali usanandichoke. Ndinati mwina mnyamatayo anali ataledzera.

Ndinaikwera. Phazi langa lamanja linafufuza giya, n'kupeza buleki. Ohoo, Ajapani anatembenuza, giya anaika kumanzere, buleki kumanja, pomwe Angelezi giya ili kumanja, buleki kumanzere. Ndinadziuza kawiri konse kuti Laiton, buleki ili kumanja. Ndinatuluka m'komboni bwinobwino, n'kulowa mumsewu wa tala.

Ndisaname, njingayo inali kukoma. Inkangoyenda ngati ikutsetsereka pamafuta. Ndinakweza magiya mpaka yachisanu, ndinayang'ana pagalasi, ndipo machumuni a mgodi ankaoneka mbee kumbuyo kwanga, osagwedera.

Mbuzi inatulukira m'tchire.

Mutu unkadziwa za buleki, koma phazi lili ndi nzeru zakezake. Lamanzere linaponda ndi mphamvu zonse. Waaa! Tayala tswii! Ndinapondanso. Waaaa! Njinga sinaime, inangotsika giya, kudumpha, n'kundiponya mumpanda wa nkhadze. Mbuzi inadutsa ikutafuna.

Ndinagona m'menemo chagada, utomoni wa nkhadze ukundiwotcha pakhosi, m'makutu mukulira mawu a Pitala. Nditadzuka ndinayang'ana patala. Panali timadindo takuda tatifupitifupi, kena apa, kena apo.

Wopha Paulina buleki anaponda ndithu, koma anaiponda kumene inali panjinga ina. Fideli chibadwire sanakwerepo ya ku Mangalande, anaphunzirira pakanjinga kakang'ono ka ku Japani komweko. M'Nambala Wani monse mapazi ozolowera buleki ya kumanzere anali a anthu awiri. Mmodzi ndinali ine, ndipo Lamulungu masana ndinali kubwalo la mpira, ndikuletsa ndewu pamaso pa komboni yonse.

Ndinakankha njingayo kubwerera kwa Elinah, ndikutsimphina.

"Loko wa shediyu munagula kuti?"

"Sitinagule. Anatipatsa madala Américo, ankati njinga yabwino imafuna loko wabwino."

"Ndi makiyi angati?"

"Mmodzi."

Loko wa kusitolo amabwera ndi makiyi awiri, ngakhale mwana amadziwa. Ndipo munthu amene matako ake sanakhalepo pachidole, anaona bwanji pagalasi pake ikuthamanga?

Lachiwiri m'mawa ndinapita kumanda. Mwambo wathu sulola. Wachibale safika kumene adzukulu akukumba, ndipo mdzukulu sakwiyiridwa. Iye angathe kukutukwana pamaliro a mayi ako, angathe kugwira nkhuku yako n'kuiwotcha, iwe n'kungoseka, chifukwa ndi amene akusenzera chimene sungathe kusenza wekha. Ndinapita ndithu, nditavala yunifolomu, chitini chija chili m'thumba.

Nthaka ya ku Wankie ndi mwala wokhawokha. Amuna anali thukuta kamukamu, ndipo Américo anali m'dzenje lofika m'chiuno, opanda nsapato, piki ili m'manja. Atandiona anakuwa.

"Taonani, anyamata! Sajeni wabwera kudzamanga wakufa! Wachedwa, mwana wanga, ameneyu wathawa kale!"

Adzukulu anaseka. Ine ndinatulutsa chitini chija, n'kuchiika pamulu wa dothi, pafupi ndi nkhope yawo. Kuseka kwa Américo kunathera pakamwa.

Nsapato zawo zinali pamphepete pa dzenje. Ndinazitola. Yakumanja inali ndi chipsera chakale pamwamba pa chala, pomwe giya ya Angelezi yakhala ikudya zaka zonsezi. Yanganso ili nacho. Koma yakumanzere inali ndi mkwasa watsopano wakuda, wa labala, wofanana ndi umene unali pansapato yanga ya kumanzere kuchokera dzulo lake.

"Madala, kiyi wachiwiri wa loko uja ali kuti?"

Maso awo anali pansapato ija. Amuna ena anayamba kuyang'anana.

"Ndikufunsa inu! Munati simunaikwerepo. Pagalasi munaona bwanji mbee? Nsapato iyi yakwezera giya panjinga ya ndani?"

"Laiton, pano ndi pamanda."

"Ndikudziwa kuti ndi pamanda! Ndi manda a mlongo wanga, ndipo mwaimamo ndinu!"

Piki inawagwa m'manja. Anakhala pansi m'dzenjemo, msana atatsamira khoma, ndipo mawu awo anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndinkangofuna kuimva kamodzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukonza njinga zogwedera. Imeneyi ikadutsa ndinkasiya sipanala n'kumamvetsera. Koma ndinali nditaitukwana kale pamaso pa anthu, ndikanapempha bwanji kwa mwana? Ndinati Lamulungu onse ali kumpira, iye ali mtulo, ndifika pa Thomson n'kubwerera. Pokhota paja ndinangoona beseni. Ndinaponda buleki, Laiton. Mulungu ndi mboni, ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse!"

"Munaponda giya."

"Phazi linandinamiza."

"Phazi ndikanalikhululukira, langanso landinamiza dzulo lomweli. Koma inu munadzuka. Munaima pamutu pake, munamuyang'ana, mkazi amene wakhala akukuphikirani tiyi pamaliro aliwonse a m'komboni muno. Munakwera njinga. Munakoleka jekete pamsomali, munakhoma loko. Munakumbuka ngakhale kutola chitini cha nkhuku kuti simenti ya Fideli isade ndi mafuta! Simenti munaimvera chisoni, madala, mlongo wanga ali pamsewu akupempha madzi!"

Ndinasendera pamphepete pa dzenje, zibakera nditafumbata. Amuna awiri anandigwira mikono, ndipo anachita bwino.

"Ndiye dzulo munandikhazika pansi," ndinapitiriza, "n'kumandiphunzitsa za masilinda. Munavomera kukaimirira m'khoti kuti mwana wa eni akawolere kundende. Tfuu!"

"Ndilole nditsirize dzenjeli, mwana wanga. Ndi chokhacho chimene ndingamuchitire."

"Tulukani."

Palibe amene anawapatsa dzanja. Anakwera okha, movutika, n'kuvala nsapato zawo zija, ine n'kuwaveka unyolo. Adzukulu otsalawo anakana kuti Paulina agone m'dzenje lokumbidwa ndi womupha. Dzenje lokumba kale salisiya losakwirira. Kwathu akanakwiriramo thunthu la nthochi, koma ku Wankie nthochi uzitenga kuti? Anaponyamo chipika cha tsanya, anakwirira, n'kuyamba lina chapatali, dzuwa litakwera kale.

Insipekitala anandikalipira chifukwa chosamvera, kenako anandiponyera makiyi a chitokosi. Fideli anatuluka akuphethira, diso limodzi lili lotupa ndi mwala umene anamugenda nawo pomwe ndinkamudutsitsa m'komboni. Elinah anali kudikira pageti. Ndinatambasula dzanja.

"Achimwene, ndinalakwa munthu."

Analiyang'ana dzanjalo ngati ndamupatsa chinthu chowola.

"Ndamva kuti munagwera munkhadze, Sajeni. Mukanapanda kugwa, bwenzi mawa ndili m'sitima. Mawu anga simunawamve, munamva a mbuzi."

Ndinabweza dzanja langa. Anagwira mkazi wake pamkono, n'kumapita.

Masana tinanyamula maliro, koma titafika kumanda dzenje latsopano linali lisanafike ndi m'mawondo momwe. Adzukulu anakumana ndi thanthwe, ndipo manja anali atachepa. Bokosi tinaliika pamthunzi, amayi akuimba nyimbo imodzimodzi mobwerezabwereza, anthu akufenthera ndi kutentha. Ndinakhala pambali pa bokosilo, manyazi ndi ukali zikundidya pamodzi, kuti mlongo wanga ngakhale pogona akuchita kudikira.

Nyimbo inaduka. Nditatembenuka ndinaona Fideli akubwera pakati pa anthu omwe aja anaswa mawindo ake, atavala ovolosi ya kumgodi, piki yake ili paphewa. Anthu anapatuka, maso pansi. Elinah anaima kunja kwa mpanda wa manda, manja atapinda pachifuwa, ndipo mayi wina atamukodola kuti adzakhale pamphasa, anayang'ana kumbali.

Fideli anaima patsogolo panga.

"Musaganize kuti ndikukumbira inu," anatero mokweza kuti onse amve. "Kapena awa. Mayi Paulina ankandipatsa matemba ndili wamng'ono, bambo anga atatsala mumgodi."

Anavula nsapato, anaziika pamphepete, n'kudumphira m'dzenje. Piki yoyamba inatulutsa moto pathanthwe. Anamenyanso, akutukwana m'Chindebele, mpaka mwala unang'ambika, ndipo adzukulu anatola mafosholo awo.